Soya wanga watuluka timibulu kumizu: ndi matenda kapena n'chiyani?

Make Tadala, Mitundu: Odi muno a pagulu. Ndithandizeni maganizo abale anga. Dzulo popalira ndinazula mwangozi phando limodzi la soya, ndiye poyang'ana mizu ndapeza yadzaza timibulu tozungulira, tina ngati njere za mapira, tina tokulirapo ngati khobwe. Ndazula mapando ena atatu, chimodzimodzi. Soyayu ndinadzala pa 18 Disembala, masamba ndi obiriwira bwinobwino ndipo wayamba maluwa, koma mtima suli m'malo. Bambo akunyumba akuti ndi matenda omwe aja ankatupitsa mizu ya fodya wathu, ndiye akuti tigule mankhwala, komanso tithireko yureya wotsala kuchimanga kuti mbewu ilimbe. Aka n'koyamba kulima soya ine. Chithunzi ndi ichi.

Mlimi wa ku Santhe: Amayi, musanawononge ndalama chitani ichi. Tengani kambulu kamodzi mukakhudze ndi chikhadabo. Kakathothoka mosavuta n'kusiya muzu uli wosalala, si matenda amenewo. Zija za kufodya sizithothoka, chifukwa ndi muzu weniweniwo umene umatupa, n'kukhala mfundomfundo ngati chala chothyoka. Manematodi, tinyongolotsi tam'dothi totupitsa mizu ya fodya tija, ndalimbana nawo zaka 14 kunazale, ndimawadziwa ngati mlamu wanga. Pachithunzipa sindikuwaona.

Make Tadala, Mitundu: Zikuthothoka bambo. Ndayesa pompano, zikungochoka ngati nkhupakupa pagalu.

Mkanda Boy: Nkhupakupa ndi nkhupakupa basi mayi. Chilichonse chokakamira pathupi la chinzake chikuyamwa. Poperani.

Mlangizi Wopuma: Ayi mphwanga, osapopera, ndipo yureyayo abwezeni kuchimanga komwe wachokera. Make Tadala, mwana wanga, chimene mwapezacho anzanu amachita kulipira ndalama kuti achione m'munda mwawo. Timibuluto ndi nyumba za tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya otchedwa rhizobia. Ntchito yawo ndi kutenga nayitrojeni mumpweya n'kumupereka kumbewu. Nayitrojeni ndi yemwe uja mumagula m'thumba la yureya. Tsono chitani chinthu chimodzi ichi: zulani phando lina mosamala ndi khasu, osati kukoka ndi dzanja chifukwa timibulu tambiri timatsalira m'dothi. Tsukani mizu m'beseni, mutenge lezala kapena kampeni, mudule timibulu khumi pakati. Mutiuze mtundu wa mkati mwake.

Make Tadala, Mitundu: Chabwino amalume. Dzuwa lapendeka kale ndipo munda uli patali, ndipita mawa m'mamawa.

Mkanda Boy: Mpweya ndiye udyetse mbewu? Ndiye makuponi timakanganirana chiyani chaka ndi chaka, poti mpweya uli ponseponse waulere?

Wophunzira wa ku Bunda: Achimwene, funso lanulo ndi labwino kuposa mmene mukuganizira. Mpweya umene tikupumawu, magawo 78 pa 100 aliwonse ndi nayitrojeni. Chimanga chachikasu chija chofa ndi njala chaima pakati pa nyanja ya chakudya chake, koma sichingathe kudya. Chifukwa chake n'chakuti nayitrojeni wamumpweya amayenda awiriawiri atagwirana zolimba kwambiri, ndipo palibe mbewu kapena nyama imene ingawalekanitse. Kufakitale amawalekanitsa ndi moto woposa madigiri 400 komanso kupanikiza kwadzaoneni, njira imene anatulukira Fritz Haber ndi Carl Bosch ku Germany, fakitale yoyamba inatsegulidwa mu 1913. Imafuna gasi wambiri, n'chifukwa chake gasi akakwera mtengo kunja, thumba limakwera kuno kwa ife. Koma tizilombo timene tili m'munda mwa amayi athuwa tikuchita ntchito yomweyo m'dothi lozizira, popanda moto, popanda doko la Beira kapena Nacala, popanda ndalama zakunja.

Mkanda Boy: Ndiye tizilomboto timagwira ganyu yaulere? Ine sindinaonepo waganyu wosafuna malipiro.

Wophunzira wa ku Bunda: Si yaulere ayi. Mbewu imalipira ndi shuga amene masamba amapanga padzuwa, ndipo ndi malipiro okwera ndithu. Ine ndimakonda kuzifanizira ndi chikamwini. Muzu umatulutsa kafungo kake m'dothi, ngati kunena kuti pakhomo pano pali mbeta. Kachilombo koyenera kakamva fungolo kamayankha ndi chizindikiro chakechake. Ngati chizindikirocho n'cholondola, katsitsi ka muzu kamapindika n'kukafungatira, kenako kamatsegula kanjira kolowera mkati. Kumeneko muzu umamanga kanyumba, ndiko kambulu kaja, mkamwini n'kuyamba kulima. Amadya nsima ya pakhomopo, iye n'kumabweretsa nayitrojeni. Ndipo chimene chinandiseketsa m'kalasi n'chakuti apongozi ake ndi ovuta: akatswiri anayesa pa soya n'kupeza kuti kambulu kamene sikakubweretsa kanthu, mbewu imakachepetsera mpweya wopuma, tizilombo tam'menemo n'kulephera kuswana bwino. Mkamwini waulesi amamanidwa ndiwo.

Abiti wa ku Thondwe: Kkkkk mwana iwe wandipha. Ndiye ngakhale pansi pa nthaka mkamwini sapuma.

Chimwene wa ku Joni: Ine ndi mkamwini ndipo ndikutuluka pagulu pano.

Mlangizi Wopuma: Khalani pansi bambo, nkhani sinathe. Mwana wa ku Bundayo wafotokoza bwino, ndingowonjezera pamene pakukhudza yureya uja. Mbewu si yopusa. Ikapeza nayitrojeni wambiri m'dothi wongotola, imasiya kudyetsa tizilombo tija, chifukwa kutola n'kotchipa kuposa kulipira shuga. Timibulu timachepa, tina timasiya ntchito. Ndiye mukathira yureya pa soya mwalipira kawiri: mwagula chinthu chimene mukanachipeza chaulere, komanso mwachotsa ntchito antchito anu. Chimene soya amalira kwambiri m'minda yathu yambiri ndi fosifolasi, chifukwa popanda iyeyu timibulu sitikula. Wina akafuna kuthira kanthu, athire pang'ono feteleza wokulitsa pa nthawi yodzala, kapena manyowa owola bwino. Wobereketsa ayi.

Nyamoyo wa ku Ekwendeni: Amalume, ine ndili ndi funso pamenepa. Agogo athu ankalima mtedza, nzama, khobwe, nyemba, osagula kanthu kalikonse kopaka mbewu, ndipo timibuluti tinkaoneka. Nanga lero bwanji akutiuza kuti soya tizimupaka inokyulanti? Si malonda chabe amenewa?

Mlangizi Wopuma: Funso la nzeru, mayi. Yankho lili pa chizindikiro chija wanena mwanayu. Si kachilombo kalikonse kamene kamaloledwa pakhomo lililonse. Khobwe, nzama ndi nandolo zakhala m'nthaka muno zaka zosawerengeka, ndipo mtedza, ngakhale kwawo kwenikweni ndi ku South America, umagwirizana ndi tizilombo tomwe tija ta khobwe timene tili kale m'dothi lathu. Soya ndi mlendo wochokera ku China, ndipo mitundu yake yambiri ndi yosankha, imafuna kachilombo kakwawo kotchedwa Bradyrhizobium japonicum ndi abale ake. M'munda umene simunalimemo soya, kachilomboka kamakhala kochepa kapena mulibiretu. Inokyulanti ndi tizilombo tomweto tamoyo, toswetsedwa n'kuikidwa mu ufa wakuda uja. Si feteleza, si mankhwala ophera kanthu. Masiku athu tinkakatenga ku Chitedze, timapaketi tochepa tosakwanira ngakhale boma limodzi. Pano pali Nitrofix wopangidwa konkuno ku Lilongwe, ndi ena ochokera kunja.

Wa ku Chipata: Kuno ku Zambia tili ndi soya wakalekale wotchedwa Magoye, dzina la malo a kafukufuku aja a kumwera. Ameneyu sasankha, amakwatiwa ndi tizilombo ta m'dothi momwemo. Azimayi ambiri kuno kum'mawa anayambira ameneyu kulima soya. Njere zake n'zazing'ono koma masamba ndi ambiri, munda umatsala wofunda. Inokyulanti kuno timadziwa wa ku malo a kafukufuku a Mount Makulu.

Wophunzira wa ku Bunda: Kwathu kuno wofanana naye ndi Tikolore, amene anachokera ku bungwe la kafukufuku wa zaulimi la IITA n'kuvomerezedwa mu 2011. Anachita kumubereketsa dala kuti azigwirizana ndi tizilombo tam'nthaka ya kuno ku Africa. Komabe ngakhale Tikolore yemweyo, m'minda yambiri yoyeserera amachita bwino kwambiri akapakidwa, chifukwa tizilombo tachilengedwe si tonse takhama. Tina timamanga nyumba n'kumangodya. Make Tadala, mbewu yanu ndi mtundu wanji, ndipo munapaka?

Make Tadala, Mitundu: Ndi Tikolore yemweyo, ndinagula kwa mnzanga wa kukalabu. Kupaka ndinapaka theka lokha chifukwa paketi inali imodzi, anatigawira kukalabu komweko. Kunena zoona ndinangopaka poopa kuti apampando angandifunse, ndinkaona ngati ndi makala osinja.

Mkanda Boy: Ndi makala osinja kumene. Ine chaka chatha ndinagula mapaketi awiri pamsika, ndinapaka monga ananenera, palibe chimene ndinaona. Soya wachikasu ngati wodwala chikasu. Ndalama zanga zinapita. N'chifukwa chake nkhani zanu za m'kalasizi ine sizindilowa.

Mlimi wa ku Santhe: Munagula pabenchi kapena m'sitolo?

Mkanda Boy: Pabenchi, kwa mnyamata wina wogulitsa mbewu za masamba ndi mankhwala a makoswe.

Mlimi wa ku Santhe: Mwezi wanji?

Mkanda Boy: Novembala kumayambiriro. Ndinasunga pawindo mpaka mvula itagwa.

Mlimi wa ku Santhe: Ndiye munagula maliro achimwene, n'kukawaikanso pawindo kuti afe kachiwiri.

Mlangizi Wopuma: Musamuseke, ambiri zinawachitikira, ndipo mlandu wina ndi wathu alangizi chifukwa tinkangoti "pakani" osanena kuti m'paketimo muli zamoyo. Dzuwa la Novembala pabenchi ya malata limapha tizilomboto masiku ochepa. Paketi ifunika kukhala pozizira, m'nyumba pansi pafupi ndi mtsuko wa madzi, osatsegula mpaka tsiku lodzala, ndipo muziona tsiku lothera mphamvu. Popaka khalani pamthunzi. Nyowetsani mbewu pang'ono ndi madzi osungunulira shuga kuti ufawo umatirire, osati kuviika mpaka khungu kusupuka. Thirani ufa, sakanizani mpaka njere iliyonse yada, yanikani pamthunzi kanthawi kochepa, dzalani tsiku lomwelo m'dothi lonyowa ndipo kwirirani msanga. Pakani yokhayo mutha kudzala tsikulo. Ndinaonapo bambo wina atapaka bwinobwino n'kuyanika pa lichero padzuwa la masana kuti "iume msanga". Wina anasakaniza mbewu yopakapaka ndi feteleza m'chidebe chimodzi, mchere wa fetelezawo n'kuwotcha zonse. Muyeso wa mbewu pa paketi imodzi werengani papaketipo, chifukwa makampani amasiyana.

Mkanda Boy: Zoti ndi zamoyo palibe anandiuza. Komabe sindinagonje. Ndikufuna ndione kaye za mayi wa ku Mitunduyo.

Chimwene wa ku Joni: Funso langa ndi la ndalama, poti ine ndi amene ndimatumiza kumudzi. Thumba la feteleza linadutsa K100,000 kalekale. Ngati mayi anga alima soya kapena mtedza chaka chino, ndiye kuti chaka chamawa chimanga pamalo omwewo sichifuna feteleza? Ndiuzeni zoona ndisiye kugona ndi njala kuno.

Wophunzira wa ku Bunda: Achimwene, musasiye kutumiza, koma mutha kuchepetsa. Tiyeni tiwerenge. Yureya ali ndi nayitrojeni magawo 46 pa 100, ndiye thumba la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitrojeni. Njere za soya zili ndi nayitrojeni pafupifupi magawo 6 pa 100, n'chifukwa chake phala lake limakulitsa ana. Mukakolola matumba 20, ndiye kuti tani imodzi, m'matumbamo muli nayitrojeni pafupifupi makilogalamu 60, kuposa matumba awiri ndi theka a yureya. Mbali yabwino ndi yakuti gawo lalikulu la ameneyu lachokera mumpweya, simunagule. Mbali yowawa ndi yakuti venda akabwera ndi sikelo yake, nayitrojeni yenseyo amakwera lole n'kupita ku Kanengo. Chotsala m'munda ndi mizu, timibulu, masamba ogwa ndi mapesi. Tsono kwathu kuno timazula soya ndi mizu yomwe, kukamenyera pakhomo, zinyalala n'kutentha. Mukatero munda mwausiyira chiyani?

Mlimi wa ku Santhe: Apa ndiye pali nkhani. Anthu amati "soya amabwezeretsa chonde" ngati ndi pemphero. Amabwezeretsa mukamulola. Ine ndimamweta ndi chikwakwa, mizu itsale, ndikamenya ndimabweza zinyalala kumunda pangolo. Chimanga chotsatira chimasiyana ndi cha mnzanga wa kumalire, ngakhale wodutsa panjira amaona. Koma wobereketsa ndimathirabe, wochepa.

Nyamoyo wa ku Ekwendeni: Komanso phindu la kasinthasintha si nayitrojeni yekha. M'munda mwanga munali kaufiti wofiirira munda wonse. Nditalima mtedza ndi soya zaka ziwiri anachepa kwambiri, poti kaufiti wa chimanga sapeza poyamwa pa mbewu zimenezi. Kungoti chenjerani, kuli kaufiti wina wa maluwa achikasu amene amagwira khobwe, mtedza ndi soya yemwe.

Abiti wa ku Thondwe: Inu a pakati ndi kumpoto mukulimbana ndi soya, ife kuno mfumu ndi nandolo. Nandolo sachita kupakidwa kanthu. Amakhala m'munda mpaka Ogasiti kapena Seputembala, chimanga chitapita kalekale, ndipo nthawi yonseyo akugwetsa masamba. Mukalowa m'munda wa nandolo mwezi wa Julayi mumaponda pofewa ngati pamphasa. Mizu yake imapita pansi kwambiri, imaboola chidindo chija chimene khasu limasiya. Ndiwo tadya, nkhuni tapeza, munda wadya. Amayi anga sankadziwa mawu akuti bakiteriya koma ankati munda wopanda nandolo ndi munda wamasiye.

Nyamoyo wa ku Ekwendeni: Achemwali, nandolo tinamulandira kale kuno. Kuyambira cha m'ma 2000 pamene chipatala cha Ekwendeni chinayamba ntchito ya nthaka, chakudya ndi thanzi chifukwa cha ana onyentchera, alimi kuno akhala akuphatikiza nandolo ndi mtedza m'munda umodzi. Zimatheka chifukwa nandolo amakula pang'onopang'ono poyamba, mtedza umakhwima n'kukumbidwa iye asanatambasule nthambi. Ndiye munda umodzi, mbewu ziwiri, zonse zili ndi timibulu kumizu. Chaka chachiwiri mumabwera ndi chimanga. Ku Dedza ndi ku Ntcheu nakonso anayesa njira yomweyi, kumadera a Linthipe, Golomoti ndi Kandeu.

Mlimi wa ku Santhe: Nandolo ndi wabwino, koma bwerani naye kuno muone. Chimanga chikangochoka m'munda, mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa mudzi wonse. Nandolo wanu wobiriwira yekhayekha pakati pa chilimwe amakhala ngati mwaitanira phwando. Zikamusiya mbuzi, anyamata osaka mbewa amabwera ndi machesi.

Abiti wa ku Thondwe: Imeneyo si nkhani ya tizilombo, ndi nkhani ya amfumu anu. Kuno mbuzi imamangidwa mpaka nandolo atachoka, ikalowa m'munda mwini wake amalipira.

Mlimi wa ku Santhe: Amfumu athu ndi amene ali ndi mbuzi zambiri m'mudzi muno.

Admin: Za amfumu tisiyire pomwepo chonde, gulu lino lili ndi mafumu atatu.

Chimwene wa ku Joni: Nanga nyemba? Mayi anga amadzala nyemba m'chimanga chaka chilichonse, akuti zimadyetsa chimangacho.

Mlangizi Wopuma: Apa pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Choyamba, nyemba zathu zodyazi ndi zaulesi pa ntchito imeneyi poyerekeza ndi soya, mtedza, khobwe kapena nandolo. Timibulu zimakhala nato, koma zimakhala m'munda nthawi yochepa ndipo zimatenga nayitrojeni wochepa mumpweya, n'chifukwa chake nyemba zimakondwa zikalawa feteleza wa chimanga. Chachiwiri, mbewu ya mtundu wa nyemba sipatsa chimanga choyandikana nacho chakudya chochuluka chaka chomwecho ngati mayi woyamwitsa. Nayitrojeni amene yatenga amapita m'thupi mwake. Chimanga chimadzapindula masamba, mizu ndi timibulu zikawola, makamaka chaka chotsatira. Mayi anu asasiye, nyemba m'chimanga ndi ndiwo za ana, koma asayembekeze kuti zilowa m'malo mwa thumba.

Wa ku Chipata: Ndi mitengo yomwe amalume? Pansi pa msangu chimanga chimakhala chakuda bii ngakhale osathira kanthu.

Mlangizi Wopuma: Msangu ndi wa banja lomweli ndipo uli ndi tizilombo take kumizu. Ubwino wake ndi khalidwe lake losemphana ndi mitengo ina: umagwetsa masamba mvula ikamayamba, ndiye chimanga chimalandira manyowa popanda mthunzi. Gliricidia, jerejere ndi ombwe nazonso zili ndi tizilomboti kumizu. Koma musanamizidwe ndi zitheba. Keshya ali ndi zitheba ngati nyemba, ndi wa banja lomwelo, koma kumbani mizu yake simupeza kambulu ngakhale kamodzi. Tinadzalitsa anthu keshya wambiri zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ena tikuwauza kuti akuwonjezera nayitrojeni wamumpweya. Nkhuni anapeza, mthunzi anapeza, masamba ake amawola n'kuthandiza ndithu, koma zinazo tinawonjeza.

Mkanda Boy: Ndiye mukuvomera kuti alangizi mumanama.

Mlangizi Wopuma: Ndikuvomera kuti tinkabwereza zimene tauzidwa osakumba. N'chifukwa chake ndamuuza mayiyu kuti atenge khasu ndi lezala m'malo mokhulupirira ine.

Wophunzira wa ku Bunda: Ndipo nkhaniyi inayambanso motero. Alimi ankadziwa kalekale kuti mbewu za mtundu wa nyemba zimakonza munda, ngakhale Aroma akale analemba zimenezi, koma chifukwa chake sichinkadziwika. M'zaka za m'ma 1880 anthu awiri a ku Germany, Hellriegel ndi Wilfarth, anadzala mbewu mumchenga wowotcha wopanda chamoyo chilichonse. Zinafota. Atathirako madzi ochokera m'dothi lamunda, za mtundu wa nyemba zinatuluka timibulu n'kubiriwira, pamene za mtundu wa tirigu zinakhalabe zachikasu. Mu 1888 Beijerinck wa ku Netherlands anapatula kachilomboko. Lero dziko la Brazil, limene limalima soya wambiri kuposa dziko lililonse, limadalira tizilomboti m'malo mwa feteleza wa nayitrojeni pa soya wawo, ndipo mayi wina wa kumeneko, Mariangela Hungria, analandira mphotho ya World Food Prize mu 2025 chifukwa cha ntchito imeneyi. Ndiye a Mkanda, makala osinja aja ena akulimira minda yaikulu kuposa Malawi yense.

Mkanda Boy: Ku Brazil sagula pabenchi.

Mlimi wa ku Santhe: Apa ndiye mwanena zoona koyamba.

Make Tadala, Mitundu: Mwadzuka bwanji nonse. Ndabwerako kumunda ndipo ndinapita ndi bambo akunyumba kuti adzionere okha. Tinakumba malo atatu. Kumtunda kumene ndinapaka, phando limodzi tinawerenga timibulu 31, tambiri taunjikana pamuzu waukulu pafupi ndi pamwamba. Titadula khumi, tonse mkati ndi tofiirira ngati nyama ya nkhuku yosaphika, tina tofiira kwambiri ngati chiwindi. Bambo anadzidzimuka, akuti mbewu ikutuluka magazi. Pakati pamene sindinapake timibulu tilipo koma tochepa, tili kumizu ing'onoing'ono yakumbali, ndipo pa khumi tofiira tinali tinayi, tina toyera. Kumunsi pafupi ndi dambo pamene pamaima madzi, soya ndi wachikasu, timibulu tiwiri titatu basi, mkati mobiriwira, kena kofewa konunkha. Zithunzi zitatu ndi izi.

Abiti wa ku Thondwe: Eee, koma ndi magazi enieni!

Wophunzira wa ku Bunda: Bambo sanalakwitse kwambiri. Chofiiracho ndi mbale wake wa chimene chimafiiritsa magazi athu, amachitcha leghaemoglobin, ndipo nachonso chili ndi ayironi. Nkhani yake ndi iyi: chida chimene tizilombo timagwiritsa ntchito pothyola nayitrojeni chimawonongeka chikakumana ndi okosijeni, mpweya wopuma uja, koma tizilombo tomweto timafuna okosijeni kuti tipume. Ndiye mbewu imapanga chofiiracho kuti chizigwira okosijeni n'kumapereka pang'onopang'ono, wokwanira kupuma koma wosakwanira kuwononga chida. Mukaona kufiira, fakitale ikugwira ntchito. Koyera ndi kamene sikanayambe kapena kaulesi. Kobiriwira kapena kakuda ndi kamene katha ntchito. Kunja tonse timaoneka chimodzimodzi, chikomekome cha mkuyu, n'chifukwa chake lezala ndi wofunika.

Mlangizi Wopuma: Mwana wanga, munda wanu wakuphunzitsani zimene ine ndinkalephera kuphunzitsa ndi choko. Timibulu tounjikana pamuzu waukulu pamwamba ndi chizindikiro chakuti tizilombo tinali panjere pomwepo pomera, ndiye paketi yanu inali yamoyo. Tobalalika kumizu yakumbali ndi tam'dothi timene muzu unakumana nato mochedwa. Kumunsiko vuto si tizilombo, ndi lowe: madzi akaima mpweya sulowa m'dothi, ndipo popanda mpweya mulibe nayitrojeni wotenga ngakhale wopuma. Tsegulani ngalande madzi atuluke, mwina achira pang'ono, koma chaka chamawa kumeneko ikaniko mpunga kapena dzalani pamizere italiitali. Chinanso, zikani zikhomo pamalire a pamene munapaka ndi pamene simunapake, mudzakolole padera n'kuyeza. Ndipo maso akhale pamasamba kuyambira pano, kunsi kwake, chifukwa dzimbiri la soya lija linasautsa anthu mu 2023 limabwera nthawi ya maluwa ndi zitheba. Ndalama ya mankhwala imene bambo amafuna kuwononga dzulo isungireni limenelo.

Make Tadala, Mitundu: Zikomo amalume, zikhomo ndizika lero. Yureya wabwerera kuchimanga. Bambo angoti ndifunse ngati fodya naye angapakidwe ufa umenewu.

Wophunzira wa ku Bunda: Ayi mayi, fodya, chimanga ndi mpunga sizimanga timibulu, chizindikiro chija sizichimva. Akatswiri akhala akuyesa zaka zambiri kuti chimanga chiphunzire, mpaka lero sizinafike m'munda wa mlimi.

Mkanda Boy: Ine ndapita kuseri kwa nyumba kumene kunamera soya wogwera, ndazula, ndadula. Mwa timibulu sikisi, tiwiri tofiira. Sindikunena kuti ndagonja. Ndikungofunsa: sitolo yosunga mapaketi mufiriji ku Mchinji boma ilipo? Amene akudziwa andilembere kumbali.

Mlimi wa ku Santhe: Mukaipeza musakaikenso pawindo.

Mkanda Boy: Windolo ndi limene mbuzi ya amfumu inathyola, bambo. Palibenso poika.